Ndinatsala Pang'ono Kupereka Mwana Wanga Chifukwa cha Kalata

Abale anga, ambiri a inu mumandidziwa. Ndine Lingisoni Mbewe, kwathu ndi ku Angonia m'chigawo cha Tete, ndimapala matabwa pa fakitale ya mipando ku Willowvale. Ena mumakumbukira kuti ndinali ndi nyumba ku Mufakose, ndipo mumadabwa kuti inapita bwanji. Simunandifunsepo, ndipo ndikuthokoza. Lero ndinena ndekha, chifukwa ndamva kuti makalata onga amene anandigwetsa ine ayambanso kufika kwa anthu a bungwe lathu lino la maliro. Mwina wina wakhala pano ali nayo m'thumba.

Mkazi wanga Nabanda anali wa ku Dowa. Tinakumana konkuno kudziko la eni, tinakwatirana konkuno, ndipo kwawo sindinapondeko. Chaka chilichonse tinkati tipita chaka chamawa. Kenaka nkhondo inakula, msewu wa ku Tete unaipa, malire anatsekedwa. Pa ukwati wathu, amene anaimira banja la kuchikazi anali a Chadza, mkulu wa ku Dowa komweko, amene amalondera ku Msasa ndipo amakhala ku Kambuzuma. Iwowa ndiwo anali ankhoswe a Nabanda. Mulungu anatipatsa mwana mmodzi yekha, Rute.

Nabanda anadwala nthawi yaitali. Inayamba kutupa ndi miyendo, kenaka mimba, ndipo kuchipatala anati ndi mtima. Anatisiya m'nyengo yozizira, Rute ali m'kalasi lomaliza la pulayimale.

Mukudziwa mmene timachitira pamaliro. Pamakhala munthu wolemba makalata odziwitsa abale kumudzi, poti mwini maliro mutu wake sugwira. Pa maliro athu anadzipereka ndi Wilisoni, bambo wa mumsewu mwathu, kalaliki wa m'sitolo ina m'tauni. Ankabwera kudzapemphera ndi wodwala, ndipo pamanda ndiye ankatsogolera nyimbo. Ndinamuuza dzina la mlongo wake wa malemu, a Gwaza, ndi keyala ya kumudzi. Ndinamupatsa ndi ya sitampa yomwe.

Patapita milungu ingapo, kalata inandipeza kuntchito. Sitampa inali ya konkuno, osati ya ku Malawi. Koma pamwamba penipeni anafotokoza kuti positi masiku ano ndi yosadalirika, ndiye kalatayo apatsira Jemusi, mwana wa m'mudzimo, amene amadziwa njira zodutsira malire, kuti akaiponye akafika. Yankho ndi china chilichonse ndizitumiza ku bokosi la Jemusiyo m'tauni. Zinandimvekera bwino. Ndani wa ife sanapatsirepo kalata munthu wa paulendo?

Mawu ake ndimawakumbukirabe. "Alamu, za maliro tamva. Koma tamvanso kuti mlongo wathu anatupa asanafe. Ife timadziwa chimene chimatupitsa mkazi wapabanja. Mwamusempha. Sitikusudzulani mpaka mutalipa mlandu. Mwanayo ndi mbumba yathu, mukachedwa tidzatuma munthu kudzamutenga. A Chadza musawauze kanthu, tili nawo chifukwa, analephera kusamala mwana wathu."

Inu ana obadwira kuno mwina simukumva kulemera kwa mawu amenewa. Kusempha ndiko kuti mwamuna anayenda ndi mkazi wina, ndipo chigololo chakecho chinadwalitsa wa m'nyumba mwake. Kusudzula ndiko kumasulidwa ndi abale a malemu, kuti zatha, palibe mlandu, pita mwamtendere. Ndipo kwa Achewa mwana ndi wa kuchikazi, amalume ake ali ndi mphamvu pa iye kuposa bambo womubala.

Pamaso pa Mulungu, ine sindinadziwe mkazi wina. Koma Nabanda anatupadi. Ndinamusambitsa ndekha, ndinaiona miyendoyo. Ndinaganiza kuti Wilisoni anafotokoza za matendawo m'kalata yamaliro, monga ayenera, ndipo abale aweruza monga mwa mwambo wawo. Ndikanauza ndani? Munthu ngati ine, mkulu wa mpingo, woyambitsa mapemphero a Lachitatu, akatulutse kalata yomutcha wachigololo wopha mkazi? Ndinaipinda, ndinaiika m'Baibulo, ndinapita ku positi ndi buku langa losungira ndalama.

Kuchoka pamenepo zinathamanga. Ndinatumiza positi oda yoyamba, yankho linati ndi ya mbuzi chabe, mlandu weniweni ukadalipo. Ndinatumizanso, anati akufuna ya mowa wa chikumbutso. Kenaka apongozi adwala ndi chisoni. Kenaka Jemusi anagwidwa pamalire, afunika kuomboledwa. Buku la ku positi linatha. Ndinagulitsa makina osokera a Nabanda. Ndinagulitsa njinga, n'kumayenda pansi kupita ku Willowvale. Ndinalowa kwa akatapira, amene kuno amati chimbadzo. Kalata iliyonse inkatha ndi mawu omwewo: fulumirani, musauze munthu, kumbukirani mwana.

Kutchalitchi ndinasiya. Ndikaona anthu akunong'onezana ndinkati amva. A Chadza akabwera kudzandiona ndinkauza Rute kuti anene kuti ndachoka. Ine amene ndinali ndisanalawepo mowa ndinayamba kudzera ku bhawa, holo ya mowa ija, pochoka kuntchito, poyamba kuti ndipeze tulo, pambuyo pake chifukwa sindinkafuna kufika kunyumba ndili wamaso. Renti inatsalira. Nyumba zija mukudziwa kuti ndi za anthu apabanja, ndipo wamasiye wosalipira sachedwa naye. Tsiku lina ndinapeza loko wina pachitseko, katundu ali panja, Rute atakhala pa matiresi atavala yunifolomu ya sukulu.

Sukulu inathera pamenepo. Mwanayo ndinakamusiya kwa mai Tembo, a ku Chipata, ogulitsa masamba ku Musika, kuti aziwathandiza pa msika. Ine ndinapeza pogona ku hositelo, pakati pa amuna amene sindinkawadziwa. Ndipo ndili komweko, ndinkatumizabe. Ndinkati ndikangosudzulidwa, zonse ndiyambanso.

Kalata yomaliza inati atopa nane. Ndalama zanga zikubwera mochepa, ndiye Loweruka likudzalo ndifike ndi mwana ku Musika pokwerera mabasi, Jemusi adzamutenga. Ndikanakonda kukuuzani kuti ndinakana. Sindinakane. Ndinalibenso chogulitsa, ndipo mumtima ndinati mwina kwa amalume ake akadya bwino kuposa kwa bambo woledzera. Ndinapita kwa mai Tembo ndi kumuuza Rute kuti amange katundu wake.

Sanalire. Anangoti, "Baba, Chichewa changa n'chosweka, kumeneko akandiseka." Ndinati akazolowera. Kenaka anati, "Ndiye ndikatsanzike kwa agogo a Chadza. Mai ankati munthu sachoka osatsanzika kwa agogo."

Makalata anandiletsa kufika kumeneko. Koma ndinati zonse zatha kale, palibenso chobisa. Lamulungu masana tinanyamuka wapansi kupita ku Kambuzuma, iye atasenza kamtolo kake, chifukwa ankafuna kusiyira mai Chadza nsalu ya malemu.

Tinapeza a Chadza atakhala pakhonde akumata chubu cha njinga. Anandiyang'ana kuyambira kumapazi.

"A Mbewe! Ine ndimati munafa. Ndimati mawa ndikafunse ku bungwe kuti mwamuika bwanji mkamwini wanga osandiuza."

"Pepani, bambo. Zinthu zinandichulukira."

"Zinakuchulukirani mpaka mwana kumanena kuti mwachoka, mapazi anu ndikuwaona pansi pa chitseko? Khalani pansi. Mwaonda ngati mwatuluka m'ndende."

Rute anagwada n'kunena kuti wabwera kudzatsanzika, akupita kwa amalume.

"Amalume ati?"

"A Gwaza," ndinayankha ine. "Aitanitsa mwana."

A Chadza anaika chubu pansi. "Aitanitsa kudzera kwa ndani?"

"Anandilembera."

"Analembera inu."

"Inde, bambo."

"Ine ndinafa?"

Anaitana akazi awo kuti atenge mwana alowe naye m'nyumba. Atalowa, ndinatulutsa makalata onse m'Baibulo. A Chadza sawerenga, ndiye ndinawawerengera ndekha, mawu onse, ndi a kusempha omwe. Inali nthawi yoyamba kuwatchula pakamwa. Iwo sanandidule.

"A Mbewe," anatero, "ukwati wanu unalowera kwa ine. Mukakangana ndi Nabanda munkabwera kwa ine. Tsono mlandu wa imfa ukadutse pambali panga? Mwini mbumba salembera mkamwini za mlandu nkhoswe ili moyo. Ngakhale atadana nane chotani, akanatuma nkhoswe ina, koma osati kukulemberani inu. Ndiye kusudzula kwa positi oda munakuona kuti? Posudzula anthu amakhala pansi, amayang'anana m'maso. A Gwaza ndinakula nawo. Ndi munthu wovuta, inde, koma mwambo amaudziwa."

"Nanga za kutupazo akanadziwa bwanji?"

"Ndi zimene ndikufunsa inenso. Kalata yamaliro anakaponya ndani?"

"Wilisoni."

A Chadza anagwira pakamwa. "Yanganso ndinalembetsa kwa Wilisoni. Ndinamupatsa kuti aponyere limodzi. Mpaka lero yankho sindinalandire. Ndimati ndi nkhondoyi."

Abale, pamenepo ndinazindikira kuti makalata aja sanachokere ku Dowa. Sikuti ndinaganiza za ndalama. Ndinaganiza kuti ngati ndi choncho, ndiye kuti ku Dowa sakudziwa n'komwe kuti mwana wawo ali m'manda. Ndinaganizanso za Loweruka, ine nditaima pokwerera mabasi, ndikupereka dzanja la Rute kwa munthu amene sindinamuonepo. Ndinalira pakhonde pomwepo, masana, anthu akudutsa.

Mai Chadza anatuluka atanyamula kamtolo kaja, atakamasula kale. "Mwana sachoka pano," anatero. "Inu a Mbewe bwererani kumene mukugonako. Mukadzasiya kununkha mowa mudzabwere tidzakambirane."

A Chadza sanafune kuweruza munthu popanda umboni, ndipo inenso ndinavomereza. Anandiuza kuti nditumize envulopu ina ku bokosi lija monga mwa nthawi zonse. Poti iwo amagwira ntchito usiku, masana ankakakhala pafupi ndi mabokosi a ku positi pamodzi ndi mkulu wina wa bungwe lino. Sanadikire masiku ambiri. Amene anabwera ndi kiyi kudzatsegula bokosi la Jemusi anali Wilisoni.

Akuluakulu a bungwe anamuitana, ine ndilipo. Poyamba anati amangothandiza Jemusi kutenga makalata. A Chadza anati, "Chabwino, tiperekezeni kwa Jemusiyo, tikamupatse moni wa kumudzi." Anayamba kutuluka thukuta. Pomaliza anaulula kuti Jemusi kulibe, ndipo makalata amaliro sanawaponye. Anatembenukira kwa ine n'kunena kuti, "Achimwene, mwanayo sindikanamutenga ayi. Ndimangofuna muope, mupeze zina." Mwina ankanena zoona. Sindidziwa, ndipo sindidzadziwa. Ndinamufunsa chinthu chimodzi chokha, kuti pamene ankagwira dzanja la Nabanda popemphera, anali ataganiza kale zimenezi?

Kupolisi sitinapite. Masiku ano ndi a nkhondo, ife ndife alendo, ndipo m'makalatamo munali nkhani zodutsa malire. Akuluakulu anaopa kuti tingadzikokere mafunso ena. Wilisoni analonjeza kubweza, koma mwezi usanathe anasowa, ndipo sanaonekenso. Nkhani itamveka, amayi ena amasiye anabwera kwa a Chadza mwakachetechete ndi makalata awo. Wina anamulembera kuti apongozi akufuna katundu wa malemu. Wina, amene mwana wake anawoloka malire osatsanzika, anamulembera kuti mwanayo ali m'manja mwa anthu ofuna chiombolo. Aliyense ankaganiza kuti ali yekha.

Kubwerera kwanga sikunali kwa tsiku limodzi. Choyamba ndinakaonana ndi abusa n'kuwauza zonse, ndi za mowa zomwe. Anandichotsa pa ukulu wa mpingo kwa kanthawi, ndipo kunali koyenera. Iwo ndiwo analembera abusa anzawo a kufupi ndi mudzi wa Nabanda, kalata ndinakaiponya ndekha ndi dzanja langa. Akuluakulu a bungwe anapita nane kwa wakatapira uja n'kugwirizana naye kuti chiwongoladzanja chiime, ndizibweza pang'onopang'ono pakutha pa mwezi. Tsiku lolandira malipiro a Chadza ankatuma munthu kudzandidikira pageti, kuti ndisadzere ku bhawa. Zinkandichititsa manyazi, koma zinandithandiza. Ndinagwanso kangapo. Kenaka ndinasiya.

Yankho la ku Dowa linachedwa, koma linabwera, ndi sitampa ya ku Malawi, ndipo linapita kwa a Chadza. Apongozi anga anali moyo. Nthawi yonseyo ankadikira kuti mwana wawo abwera msewu ukatseguka. Maliro anawalira ngati achitika dzulo. A Gwaza enieni analemba kuti palibe mlandu, matenda ndi matenda, mwana akhale ndi bambo ake, ndipo zosudzula tidzakhalira pansi nkhondo ikatha. Sanapemphe ngakhale tambala.

Tsono mverani, inu amene muli ndi kalata m'thumba. Ikanena kuti fulumirani ndipo musauze munthu, imeneyo ndiyo yoyenera kuionetsa munthu tsiku lomwelo. Wakubayo samadalira nzeru zake kwambiri, amadalira manyazi anu ndi mantha anu. Amasankha nkhani imene simungaitchule pagulu. Ngati ndi ya ukwati kapena ya maliro, pitani kwa ankhoswe, ndi ntchito yawo. Yang'anani sitampa. Kalata ya kumudzi yoponyedwa konkuno, yofuna ndalama ku bokosi la m'tauni, musaiyankhe ndi positi oda. Lemberani kumudzi kudzera njira ina, kwa abusa kapena kwa mphunzitsi, mufunse ngati ndi zoona, ndipo mudikire ngakhale zichedwe. Mbale weniweni sakwiya chifukwa mwafunsa. Musakhulupirire kalata chifukwa chakuti ikudziwa za m'nyumba mwanu, pakuti za m'nyumba mwanu amazidziwanso amene amalowamo. Buku lanu la ku positi musapatse munthu kuti akakutapireni, ndipo musasayine pepala limene simunalimve. Ndipo ndapempha akuluakulu a bungwe kuti pamaliro makalata aziwerengedwa pamaso pa anamfedwa, ndipo okaponya azikhala awiri.

Nyumba ya ku Mufakose sinabwerere. Ndimachita lendi kachipinda ku Kambuzuma, kuseri kwa nyumba ya eni ake. Malo a Rute kusukulu anapita, anzake anamusiya kutali, ndipo pano akuphunzira kusoka kwa amayi a kutchalitchi. Anali mwana wanzeru m'kalasi. Zimenezo sindingazibweze.

Mai Chadza atamulola kubwerera kwa ine, tinakhala miyezi osaikamba nkhaniyi. Tsiku lina Loweruka ndikukonza mpando panja, iye akuchapa, anandifunsa osandiyang'ana.

"Baba, tikanapanda kupita kwa agogo, mukanandipereka?"

Ndinafuna kunena kuti ayi. Mawuwo anali pakamwa. Koma mabodza anali atatidyera zambiri kale.

"Inde, mwanawe. Ndikanakupereka."

Anafinya malaya anga, anawayanika, n'kulowa m'nyumba. Amandiphikira, amandilemekeza, timapemphera limodzi. Koma kuyambira tsiku limenelo, kalata ikafika, amaitsegula ndi iyeyo, ndipo ine sindimuletsa.